Mutu 5: Chitombolombo cha M'munda wa Mpunga

1. Amene anathyola

Amene anathyola chitombolombo cha mwana wanga Karima ndi a Mustafa, alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga. Anachithyola ndi mpini wa khasu, Lachitatu m'mawa, dzuwa likuwala, anthu akuona, m'puloti yathu ya mpunga ku Lifuwu. Ndayamba ndi dzina lawo dala, kuti mawa wina asadzanene kuti chinagwa ndi mphepo.

Ine ndine Saida. Amuna anga a Binali anali okonza njinga pamsika. Anamwalira mu Januwale, titangomaliza kuwokera mpunga. Anatisiyira puloti imodzi, chikwama cha masipanala, kamulu ka mawilo akutha kuseri kwa nyumba, ndi mwana mmodzi, Karima, wa Folomu 3. Panalinso njinga yawo yabwino. Imeneyo a Mustafa anaikwera tsiku lachitatu la maliro, ati kukaisunga.

Ife Asilamu, mkazi akaferedwa mwamuna amakhala pa eda. Ndiye kuti miyezi inayi ndi masiku khumi ali pakhomo, osayendayenda. Zimenezo sindikutsutsa. Ndipo ashehe anandiuza bwinobwino kuti pakakhala vuto lenileni, ngati la kumunda, masana ndikhoza kutuluka n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Koma a Mustafa atamva anabwera, n'kukhala pampando wa malemu.

"Mlamu, ndamva zimene anena ashehe. Ashehe ali ndi mabuku awo, ife tili ndi banja lathu. Amayi athu anakhala eda yonse osaponda ngakhale pachitsime. Inu mukangooneka kusikimu ya mpunga, anthu adzati mkazi wa Binali wayamba kale kudzionetsa, dothi la pamanda lisanaume. Manyazi amenewo adzakhala anga. Ndipo mudziwe kuti puloti ija inalembedwa dzina la mng'ono wanga, osati lanu. Mkazi amene salira mwamuna wake asadyenso munda wake. Mukaponda kunja kwa mpanda uwu masiku asanakwane, puloti ndilanda. Khalani pansi. Mwana alipo, aziyang'anira."

Ndinakhala pansi. Kumeneko ndiye kupusa kwanga koyamba.

2. Mwezi wa mbalame

Amene simunalimepo mpunga, mvetserani. Mu Epulo mpunga ukatulutsa ngala, njere zake zimakhala zamkaka. Apo mpheta zimabwera ngati utsi. Zikatera m'puloti yopanda munthu tsiku limodzi lokha, mukapeza ngala zitaimirira njo, zopepuka, mankhusu okhaokha. Ndiye nyengo imeneyo munthu amakhala pansanja kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kukuwa, kugenda, kukoka chingwe cha zitini. Ndipo munthu wake nthawi zambiri amakhala mwana wa sukulu.

Karima anajomba sabata ziwiri. Ankabwera mawu atatha, maso ali psuu.

Koma mwana uja anatengera bambo ake, manja sakhala chete. Anasolola masipoko m'mawilo akale aja. Anadula zigubu zakutha za mafuta ophikira. Anapanga mapiko anayi otalika ngati mkono wanga, n'kuwamangirira pathabwa limodzi pamwamba pa nsungwi, kuti mphepo ya kunyanja ikawakankha azikoka chingwe cha zitini.

Tsiku loyamba chinalira, mbalame zinathawa. Tsiku lachitatu zinali zitazolowera. Mapiko onse ankakwera limodzi n'kutsika limodzi, kwe, kwe, kwe, ngati wotchi. Mai Ruth, amene puloti yawo ili kumtunda kwa yathu, anadutsa pakhomo akuseka.

"Anzanga, mwana wanu wazimangira mpheta pokhala! Ndapeza zisanu zitatera pamwamba pake, zikupuma zitakhuta."

Tsiku lachinayi kunawomba mwera. Mapiko anapindika, nsonga zake zinanjenjemera mpaka kung'ambika.

3. Zimene anaona ali pansanja

Loweruka masana Karima anatulukira atafumbata kanthu. Ndinakalipa.

"Iwe, mbalame wasiyira ndani?"

"Mai Ruth akundionera pang'ono. Amayi, taonani."

Anatambasula dzanja. Munali tombolombo wofiira, wakufa.

"Ndiye ndiwo za lero zimenezi?"

"Aa, amayi inu. Gwirani phikoli ndi chala. Mukumva? Si losalala."

Ndinagwira. Zoonadi. Phiko lija ukaliona patali limakhala ngati galasi, koma lili ndi timizere tokwera ndi totsika ngati lata la padenga.

"Lata lathyathyathya limapindika ndi dzanja, koma lamizere munthu amapondapo," anatero Karima. "N'chifukwa chake phikoli ndi lopyapyala kuposa pepala koma silithyoka. Anga aja ndinawasiya osalala. Komanso, amayi, mpheta ili ndi mapiko awiri ndipo amagunda limodzi. Uyu ali ndi anayi, ndipo ndikuona ngati lililonse limapanga zake. Amaima malo amodzi pamwamba pa ngalande ngati wamangidwa ndi ulusi. Ndamuona akubwerera chambuyo osatembenuka. Ine ndinalakwitsa pomanga onse anayi pathabwa limodzi."

Tili mkati molankhula anafika a madamu Lilian, aphunzitsi ake a sayansi, kudzafunsa chifukwa chimene mwana wasowera m'kalasi. Anakhala pamphasa, anamvetsera, kenako anatulutsa foni. Anationetsa kanema wa tombolombo akuuluka, koma wochedwetsedwa kuti maso aone. Akamaima malo amodzi, mapiko akutsogolo akamatsika akumbuyo amakwera. Akafuna kuthamangira udzudzu, onse anayi amagunda pamodzi, wapita. Akafuna kukhota, mbali imodzi imalimbika kuposa inzake. Karima anawomba m'manja ngati kamwana.

"Mayi," anatero a madamu, "zimene mwana wanu waona ndi maso ake ali pansanja, kunja kuli mainjiniya amene amaziona ndi makamera odula. Ndege imene mumaiona ikudutsa ili ndi mapiko ouma. Siingaime m'mwamba, siingabwerere chambuyo. Tsopano anthu akuyesa kupanga timakina touluka, tating'ono ngati chikhatho, toti tizilowa m'nyumba yogwa kukafufuza anthu, kapena kuyendera mbewu m'munda. Akuphunzira kwa ndani? Kwa kachilombo komweka. Phiko lake lililonse lili ndi minofu yakeyake yolikoka, ndiye iwonso amayesa kupatsa phiko lililonse kamota kake. Ndipo onani kadontho kakuda aka, kutsogolo, pafupi ndi nsonga. Kali pamapiko onse anayi. Pamenepo m'polemererako, ndipo kulemerako kumaletsa nsonga kunjenjemera akamathamanga. Ako aja anang'ambika chifukwa analibe kameneka, Karima. Mayi, mwana uyu musamusiye athere pansanja."

"Ndikumusiya ndine?" ndinatero. "Pitani mukawauze a Mustafa."

A madamu sanapite kwa a Mustafa. Koma anatiuza kuti Lachitatu la sabata yachiwiri ya Meyi kudzakhala chionetsero cha sayansi cha masukulu ku boma. Ana atatu opambana, bungwe lina limawatenga n'kuwathandiza zonse za sukulu mpaka amalize. Ine ndinamvetsa msanga. Folomu 4 ya Karima inali ndi njira ziwiri zokha: mpunga uja, kapena chionetsero chija.

Karima anatha masipoko onse abwino amene anatsala. Anatenthetsa limodzi pambaula n'kulembalemba nalo mizere papulasitiki. Pafupi ndi nsonga ya phiko lililonse anamangapo kanati kakang'ono. Kenako phiko lililonse analipatsa mphira yakeyake ya chubu ndi chingwe chakechake, chopita kungodya yake ya puloti.

Mphepo ikawomba, zitini zinkalira kum'mawa, n'kukhala zii, kenako ziwiri kumadzulo, kenako zonse. Mbalame zinasowa pozolowera. Sindinama kuti zonse zinathawa, ndipo mphepo ikaleka nachonso chinkagona. Koma kunyanja kuno mu Meyi mphepo siisowa. Anthu a pasikimu anachitcha chitombolombo.

Karima anabwerera kusukulu. Ankadzera kumunda m'mawa, n'kudzeranso poweruka. Masiku asanu ndi anayi. Ndinawawerenga.

4. Chenjezo la a Mustafa

Lolemba madzulo a Mustafa anabwera. Puloti yawo ili kumunsi kwa yathu. Sanalonjere bwino n'komwe.

"Karima, khala apo umve. Mbalame siifa ndi phokoso, mwana wanga, imangosamuka. Ikachoka kwa iwe imapita kuti? Kwa ine. Kuyambira kale pasikimu pano timavutika mofanana. Puloti iliyonse munthu wake, aliyense akuwe, mbalame zigawikane. Tsopano iwe waimika chidole chako, wavala yunifolomu, ukudutsa pamalire n'kumati, 'Salaam aleikum, bambo aakulu,' ana anga ali pansanja akuingitsa mbalame zawo ndi zako zomwe. Akundifunsa kuti, 'Kodi ife ndife antchito a Karima?' Ndiwayankhe chiyani? Nawonso sukulu amaifuna. Mawu awo atha. Ndikukupatsa mpaka Lachitatu. Uchizule wekha. Ukapanda kutero ndidzachizula ndine, ndipo ine kumasula manati sindidziwa."

Kuti mbalame zathu zina zinapita kwawo, sindikana. Koma imvani zimene mwana anayankha, atagwada.

"Bambo aakulu, Lachitatu ndikupita nacho ku boma. Ndikachinyamula, ana anu angandionereko puloti tsiku limodzi lokhalo?"

"Ali ndi maso angati?"

"Nanga ndikupangireni chanu? Mungopeza wilo limodzi lakutha. Loweruka chikhala chitatha, ana anu apite kusukulu."

"Ndiye mbalame zipite kwa Ruth? Ruth apange chake, zipite kwa wina? Mwana iwe, usandiphunzitse ulimi ndi zinyalala za njinga."

Ndinalankhula ndili kuseri kwa chitseko. "Alamu, ndiye ndiloleni ndikakhale pansanja ndine. Tsiku limodzi."

"Masiku anu sanakwane," anatero, n'kuvala nsapato.

Atapita ndinamuuza mwana mosabisa. "Nyamula chinthu chako, upite nacho. Mai Ruth ali okha, sangalondere mapuloti awiri tsiku lonse, ndikudziwa. Mpunga udyedwe. Mpunga tidzalimanso. Mwayi ngati uwu kwa mwana wa mkazi wamasiye subwera kawiri. Ine ndinalekera sitandade 6 chifukwa cha mbalame zomwezi. Makolo anandiuza kuti mwezi umodzi wokha. Mwezi umenewo mpaka lero sunathe."

Karima anatembenuzatembenuza bokosi la machesi m'mene ankasungamo tombolombo wakufa uja.

"Tidzadya chiyani mpaka tidzalimenso? Nanga ndikapita nacho n'kulephera, titaya zonse ziwiri? Amayi, mpunga uja bambo anawokera akutsokomola. Ndi womaliza umene anagwira ndi manja awo. Sindingaupereke kwa mpheta. Chitombolombo chikhale kumunda. Ine ndinyamula kope langa ndi bokosili, ndikafotokoza pakamwa."

"Nanga abambo ako aakulu?"

"Akungoopseza. Sangathyole. Masipoko aja ndi a mng'ono wawo."

Ndinamulola. Kumeneko ndiye kupusa kwanga kwachiwiri.

5. Lachitatu

Ananyamuka m'mawa ndi a madamu Lilian, pakabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi. Za ku boma anandifotokozera yekha pobwera.

Muholo munali matebulo. Ana ena anabweretsa zinthu zoyaka magetsi, ena zozungulira. Patebulo la Karima panali kope ndi bokosi la machesi. Woweruza wina, bambo wa taye, anatsegula bokosi lija n'kuseka.

"Ichi wapanga ndiwe, kapena Mulungu?"

Anthu anaseka. Karima sanaseke. Anatsegula kope, anaonetsa mizere ya phiko, kadontho kakuda, mapiko anayi ndi zingwe zake zinayi. Anatambasula manja kusonyeza m'mene akutsogolo amatsikira akumbuyo akamakwera. Akuti ana a matebulo ena anasiya zawo n'kudzaunjikana. A madamu anaonetsa kanema wa chitombolombo chili m'munda. Bambo wa taye anati aliyense akhoza kujambula kanema wa chinthu cha mnzake, ndipo lamulo ndi lamulo: chopanda kubwera nacho sichipatsidwa malikisi.

Koma panali woweruza wina, mayi wa magalasi. Anamufunsa Karima chifukwa chimene wachisiyira. Atamva, anati malo achitatu sanagwirizanebe. Anati Lachisanu galimoto yawo ikupita ku Senga Bay, ndipo akhoza kukhotera ku Lifuwu. Akakachipeza chikugwira ntchito m'munda, adzalankhula ndi anzake.

Zimenezo zikuchitika ku boma, ine ndinali nditamva kale za kumunda. Mai Ruth anafika pakhomo masana akuthamanga, matope mpaka m'mawondo.

"Anzanga, athyola! Angodikira mwana akwere kabaza. Ndinati, 'A Mustafa, opani Mulungu, n'cha mwana wamasiye.' Ati, 'Mayi, yang'anani zanu.' Amenya ndi mpini phiko limodzilimodzi, apinda masipoko pabondo, aponya m'ngalande yaikulu. Madzi atenga. Ndipo awauza ana awo kuti wodumpha malire kukaingitsa kwa Karima aona. Ndayesa kukuwa uku ndi uku, mawu andithera. Anzanga, mbalame zake! Kwada bii."

Ndinafika pachipata cha mpanda. Ndinagwira nsungwi. Ndinakumbukira mawu aja akuti puloti ndilanda. Ndinabwerera. Kachitatu kupusa.

Karima analowa dzuwa litapendeka, akuseka. Chimwalirireni bambo ake ndinali ndisanamuone akuseka choncho.

"Amayi, akubwera Lachisanu! Akubwera kudzachiona kumunda konkuno! Mwaona? Ndikanachinyamula sakanachiona chikulira ndi mphepo yeniyeni. Ndinasankha bwino, eti?"

Ndinamuuza. Sindinakometse. Sanalire. Anaika kope pansi n'kuthamangira kumunda ndi yunifolomu yomweyo. Anabwera ndi ngala zodzaza dzanja, n'kuziika pamphasa patsogolo panga. Ndinazifinya. Mankhusu. Anati kupitirira theka la puloti lili choncho. M'dzanja linalo munali kanati kamodzi kamene anatola m'matope.

Anapita kuseri kwa nyumba, n'kutembenuza mawilo otsala aja limodzilimodzi. Masipoko ake ndi adzimbiri, ukangopinda amathyoka ngati udzu wouma.

"Palibe," anatero. Kenako anayang'ana kukhoma kumene bambo ake ankatsamiritsa njinga.

6. Lachinayi

Lero ndadzuka kuswali alfajiri, pemphero la mbandakucha, ndapeza Karima wadzuka kale. Sanavale yunifolomu. Wavala malaya akale a bambo ake, ndipo wakoleka chikwama cha masipanala paphewa.

"Ukupita kuti?"

"Njinga ya bambo ili ndi mawilo awiri, amayi. Masipoko ake ndi atsopano. Anawamanga okha mu Disembala."

"Njinga ili pakhonde pa a Mustafa."

"Ndikudziwa pamene ili."

"Akutcha mbala, mwana iwe. Akumenya. Ndipo ngakhale upange china lero, mawa athyolanso. Ndipo galimoto za anthu a ku boma ndimazidziwa ine. Zimati Lachisanu, osanena kuti la mwezi uti."

"Mwina," anatero. "Koma akabwera apeze chiyani? Nsungwi?"

Watuluka. Sanakhotere kusukulu. Sanakhotere kumunda, kumene mpheta zikumaliza zotsala popanda wozikuwira. Walunjika njira ya kwa a Mustafa, masipanala akulira m'chikwama.

Ine ndaima pachipata. Masiku a eda anditsalira khumi ndi asanu ndi anayi. Ndikaponda kunja, puloti yapita, ndipo chaka chamawa tilibe powokera. Ndikakhala, mwana wanga akaima yekha pamaso pa munthu amene anathyola masipoko a mng'ono wake pabondo. Ashehe anena zawo. A madamu anena zawo n'kukwera kabaza. A Mustafa anena zawo ndi mpini. Katatu konse ndakhala pansi monga anandiuzira, ndipo mwaona zimene ndakolola.

Tsopano ndatembenukira kwa inu, ana a sukulu, inu amene mwawerenga izi mutakhala padesiki chifukwa wina akukuingitsirani mbalame. Mumadziwa kuti tombolombo ali ndi mapiko anayi, mwakhoza. Musandiuze zimenezo. Musandiuzenso kuti pepani, mapepani ndili nawo odzaza nyumba kuyambira Januwale. Karima wafika kale pamtengo wa bwemba, akangokhota sindimuonanso. Dzanja langa lili pachipata.

Nditsegule kapena ndikhale? Musayang'ane mnzanu. Ndikufunsa inu. Ndiyankheni!